Zolowa ndi zotuluka: tsamba la besi

Masamba a lendi, fizi, chigayo ndi makala ali koyambirira kwa buku lino. Tsamba ili ndi la gitala ya besi ya bambo a kunyumba kuno pamodzi ndi zonse zimene yabereka. Mitengo sindikulemba m'makwacha. Chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, nambala ya chaka chatha siuzanso munthu kanthu, ndiye ndimawerengera m'matumba a chimanga a makilogalamu 50, m'miyezi ya lendi, ndi m'katundu amene anayenera kugulidwa koma sanagulidwe.

ZOTULUKA

Besi imodzi ya nsambo zinayi. Kumutu kwake kwalembedwa Fender. Kampani imeneyi inayamba kupanga besi zamagetsi mu 1951, koma mmisiri wa ku Ndirande atayitembenuza yathuyi anangoseka n'kuibweza. Bambo anali nayo ndisanalowe m'banja. Mtengo: palibe. Ndailemba kuti gwero lidziwike.

Ampulifaya yoyamba, yobwereka kwa alamu anga. Inali ya gitala wamba. Nsambo yaikulu ya besi imanjenjemera ka 41 pa sekondi imodzi, ndipo kasipika ka gitala wamba sikanapangidwire kukankha mpweya wochuluka choncho. Pepala lake linang'ambika mkati mwa nyimbo ya chopereka. Mtengo: sipika yatsopano, thumba limodzi ndi theka. Alamu moni amatipatsa, koma sabwereketsanso ngakhale wilibala.

Ampu yachiwiri, Fender Rumble 100, yogwirapo kale ntchito, yochokera ku Joni pa basi. Mawati 100, sipika imodzi ya mainchi 12, kulemera pafupifupi makilogalamu 10. Mtengo: lendi ya miyezi itatu. Powonjezera: ya wonyamula katundu, ya msonkho pachipata cha Mwanza, ndi adaputa, poti pulagi ya ku Joni mano ake ndi obulungira pamene masoketi athu amafuna mano amakona. Tsiku lotumiza ndalama bambo anati, "Amayi, ikangofika iyi basi, ndamaliza." Mawuwa ndinawalemba tsiku lomwelo, ndi bolopeni.

Bandulo ya intaneti. Yoonera azungu pa YouTube akuponda mapedal m'zipinda zawo. Mtengo: theka la thumba mwezi uliwonse. Zonse zili m'munsimu zinalowa m'nyumba muno kudzera pakhomo limeneli.

Tuner, Boss TU-3. Mawu a besi siisintha, imangoyatsa timagetsi tosonyeza ngati nsambo yakhwima kapena yalefuka. Mtengo: matumba awiri. Pa mapedal onse iyi ndiyo ndimagwirizana nayo, chifukwa akaiponda besi imati zii.

Mabatire a mavolti 9. Chingwe chikasiyidwa chili cholowetsa, pedal imadya batire usiku wonse ngakhale kanyali kake kazima. Bambo izi amazidziwa, ndiwo anandiuza. Mtengo: thireyi ya mazira pamwezi.

Adaputa yoti tileke kugula mabatire. Bambo anatenga ya dikoda, akuti pakamwa pake m'pofanana. Ya dikoda inali ya mavolti 12, komanso mphamvu yake imalowa mosemphana ndi mmene mapedal ambiri amafunira, poti iwo amafuna negative pakati. Fungo linamveka mpaka kukhitchini. Mtengo: kukonzetsa pedal imodzi ya mnzawo imene ankayesera, nkhuku ziwiri, adaputa yoyenera, nkhuku imodzi, masiku amene tinakhala osaonera kanema, sindinawerengere.

Fuzz, Big Muff. Ntchito yake ndi kuphwanya mawu kuti amveke okhakhala. Ndafunsa kawiri kuti nditsimikize, ndipo ndi zoona: munthu amalipira kuti mawu amveke mmene ankamvekera pa sipika ya alamu itang'ambika. Mtengo: matumba awiri ndi theka. Ataiponda koyamba m'tchalitchi, wa kiyibodi anawerama kukagwedeza chingwe poyesa kuti chaduka, ndipo mkulu wa mpingo anafunsa ngati komiti ikhalenso pansi pa nkhani ya sipika. Panapezekanso vuto lina. Imeneyi inali ya gitala wamba, ndiye ng'oma ndi kiyibodi zikalowa, kunenepa kwa besi kuja kumasowa, n'kutsala phokoso lokha lapamwamba.

Equalizer, Boss GEB-7, ya timipini tisanu ndi tiwiri tokweza ndi kutsitsa. Inagulidwa kuti ibweze kunenepa kumene fuzz inachotsa. Mtengo: matumba awiri. Ndinapereka ganizo loti tingozula fuzz, kunenepa kubwerere kwaulere. Ganizoli silinadutse.

Compressor. Imatsitsa mawu okwera n'kukweza otsika kuti onse afanane. Inafunika chifukwa equalizer inanenepetsa nsambo ina kuposa inzake. Mtengo: yunifolomu ya mwana wachiwiri, imene inadikira teremu yotsatira. Bambo akuti compressor yabwino ndi imene sumva kuti ikugwira ntchito. Pamenepa yathuyi ndi yabwino kwambiri.

Octave, yotsanzira Boss OC-2 ya mu 1982 imene Pino Palladino anatchuka nayo. Imawonjezera liwu lina pansi pa limene munthu wakhudza. Pa nsambo yaikulu liwu lapansilo limagwera cha pa 20 pa sekondi, malire a zimene khutu la munthu limamva, ndipo sipika ya mainchi 12 silingathe kulitulutsa bwino. Chimene chimamva ndi malata ndi mbale za m'kabati. Pedal imeneyi imasokonezekanso munthu akakhudza nsambo ziwiri nthawi imodzi. Mtengo: matumba awiri, kapu imodzi ya mphatso ya ukwati, ndi tiyi wa eni nyumba amene anabwera kudzafunsa ngati tatsegula chigayo.

Chorus. Besi imodzi imamveka ngati ziwiri zosiyana pang'ono. Malipiro amabwerabe a munthu mmodzi. Mtengo: thumba limodzi ndi theka.

Envelope filter. Bambo akuti Bootsy Collins ankaponda Mu-Tron III, ya mu 1972, ndiye anapeza yotsanzira yake. Imalira kuti wau wau. Inapondedwa pa chinkhoswe chimodzi, ana anasangalala. Mtengo: nsalu zitatu za chigwirizano cha amayi.

Bokosi logawira magetsi. Mapedal onse atamwera pa adaputa imodzi, ampu inayamba kung'ung'udza ngakhale munthu asanakhudze nsambo. Mankhwala ake akuti ndi bokosi lopatsa pedal iliyonse magetsi akeake. Mtengo: lendi ya mwezi umodzi. Kung'ung'udza kunachepa, koma kunatheratu pamene mmisiri anapeza kuti soketi ya pabalaza inalibe waya wa earth. Wayayo mtengo wake unali wa mulu wa tomato.

Tizingwe tifupitifupi tolumikiza pedal ndi inzake, tisanu ndi timodzi. Kamodzi kakafa, zonse zimafa, ndipo sikadziwika kuti ndi kati mpaka tonse tizulidwe, mpingo ukudikira. Mtengo: botolo la mafuta ophikira la malita awiri.

Thabwa lokhomerapo mapedal. Linali shelefu ya kukhitchini. Mtengo: palibe, akutero bambo. Mapoto akukhala pansi.

Ampu yachitatu, ya mutu wokha wopanda sipika, yochokera ku America m'kontena ya katundu wa kaunjika. Inali yotchipa, ndipo chifukwa chake chinadziwika Loweruka lomwelo. Kumbuyo kwake kunalembedwa 120V ndi zilembo zoyera, zooneka bwino. Magetsi a kuno ndi mavolti 230. Bambo analowetsa pulagi, ampu inati phu, utsi tolo. Tinapita nayo kwa mmisiri tonse awiri, poti ndalama inali m'mpango wanga. Mkuluyo anatsegula, ananunkhiza, n'kuloza zilembo zija ndi sikuludiraiva.

"Akulu, apa munawerengapo?"

"Ndimayesa ndi nambala ya modelo."

"Mayi, thiransifoma yapita. Fyuzi inayesetsa, koma yapita."

Mtengo: ampu, matumba atatu, kukulunganso thiransifoma, matumba awiri, thiransifoma ina yakunja yotsitsa magetsi kuchoka pa 230 kufika pa 120, yolemera kuposa ampuyo, thumba limodzi. Itachira inakagwira ntchito pa ukwati ku Bangwe. Kumeneko mnyamata wa zimbale anabwereketsa masipika awiri, ndipo bambo anaona kuti ndi ulemu kulumikiza onse. Iliyonse inali ya ma ohm 4. Awiri otere akalumikizidwa mbali ndi mbali satuluka 8, amatsika kukhala 2, pamene ampuyo inalembedwa kuti isatsike pa 4. Inatentha, inalira mpaka akwati atadula keke, kenako inasiya. Mmisiri atationa tikubwera anasuntha benchi kuti ndikhale, osafunsa kanthu. Mtengo wachiwiri: matumba awiri. Pano ili pansi pa bedi.

Chotetezera magetsi akabwera mwamphamvu. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo maukwati ambiri anayendera jenereta. Jenereta ya pa ukwati imakhala yomweyo ya masipika, ya filiji ya zakumwa ndi ya mayi wowotcha tsitsi la operekeza, ndiye mphamvu yake imakwera ndi kutsika. Mtengo: theka la thumba. Ichi ndinagula ndine, osauzidwa.

Nsambo. Za besi n'zodula kuposa za gitala wamba, ndiye oimba anatulukira nzeru yoziwiritsa m'madzi kuti litsiro ndi thukuta la zala zichoke. Ndinapeza nsambo zinayi zitazingidwa m'poto wanga wa ndiwo, zikubwata pa mbaula, bambo atakhala pambali ndi foloko akuzitembenuza. Pamwamba pa madzi panayandama mafuta otuwa. Anaziyanika pachingwe cha zovala pakati pa matewera. Zinaliradi bwino kwa kanthawi, kenako zinabwerera mwakale, ina n'kuchita dzimbiri. Mtengo: makala a tsiku limodzi, poto watsopano, ndi nsambo zatsopano zomwe timazembazo, thumba limodzi.

Mayendedwe. Pa minibasi ampu imalipira mpando wake, thabwa la mapedal limakhala pamiyendo. Wakabaza amawonjezera mtengo akangoona chikwama.

Ampeg SVT. Inatuluka mu 1969, mawati 300, mutu wokha kulemera pafupifupi makilogalamu 40, bokosi lake la masipika asanu ndi atatu a mainchi 10 oimba amalitcha filiji. Sinagulidwe. Chithunzi chake chamatidwa pakhoma, pakona imene ndinasungira filiji yeniyeni. Mtengo: palibe, pakadali pano.

DI, Behringer BDI 21, yapulasitiki, yotsanzira SansAmp ya kampani ya Tech 21. Imatenga mawu a besi n'kuwatumiza ku mikisa pa chingwe cha maikolofoni, chimene chimayenda mtunda wautali osatola phokoso. Mtengo: thumba limodzi. Onani m'munsimu.

ZOLOWA

Kutchalitchi: "Ambuye akudalitseni," sabata iliyonse. Pa Khirisimasi, Fanta. Mnyamata wa pa mikisa amatenga besi kudzera pa DI, ndipo ampu ya miyezi itatu ya lendi ija amaiuza kuti itsike, izingomveka kwa bambo okha.

Maukwati ndi zinkhoswe: ndalama ya perekaniperekani imene imauluka besi ikamagunda ndi ya akwati. Ya bandi imagawidwa usiku, atachotsapo ya galimoto, ya mafuta a jenereta ndi ya mwini zida. Chofika pakhomo: pakati pa nkhuku imodzi ndi theka la thumba, ndi mpunga wa m'jumbo.

Ku studio: kamodzikamodzi, koma ndiko kumalipira. Wojambula anayang'ana thabwa la mapedal, anati n'lokongola, n'kupempha kuti likhale m'chikwama. Anatenga besi, tuner, chingwe chimodzi ndi DI, kulowetsa mu kompyuta. Nyimboyo imamveka pa wailesi. Ndalama yake ndi imene inabweza ngongole ya ku banki mkhonde.

Ndinafunsapo bambo za Alick Macheso wa ku Zimbabwe, mwana wa kholo lochokera kuno, amene besi yake imavinitsa anthu pa sungura. Anthu akamamukamba amakamba za zala zake. Ndinatchulanso babatoni ya Madalitso Band, nsambo imodzi pamtengo wautali ndi chikopa, imene yawakweza anyamatawo ndege mpaka ku Ulaya popanda batire ngakhale limodzi. Bambo anati, "Amayi, imeneyo ndi nyimbo ina." Yankholi ndalilemba ku zolowa chifukwa silinadye ndalama.

ZOTSALA

Zimene zabweza ndalama yake: tuner, DI, chingwe chimodzi chabwino, waya wa earth. Rumble ikubweza pang'onopang'ono. Zina zonse zikudya nawo pakhomo pano popanda kulima.

Bambo ayamba kukamba za besi ya nsambo zisanu, akuti nyimbo za matamando za masiku ano zimafuna liwu lotsika kufika pa 31 pa sekondi. Ndafunsa ngati sipika ya mainchi 12 idzalikwanitsa. Akuti mwina padzafunika ina ya mainchi 15.

Zogulitsa: fuzz, chorus, octave, envelope filter, ampu ya ku America pamodzi ndi thiransifoma yake. Wofuna abwere Loweruka m'mawa, bambo akakhala ali ku pulakatisi. Thabwa lokha siligulitsidwa, likubwerera kukhitchini.