Ku Joni Akutonola Mawu Ngati Chimanga

Okondedwa Amayi ku Linda,

Mwana wanu uja munkamukalipira kuti amathawa kutonola chimanga, lero akuphunzira ntchito yomweyo kuno ku Joni, chonsecho akuchita kulipira marandi kuti amuphunzitse. Akaweruka ku ulonda amakwera minibasi kupita ku Braamfontein, komwe madzulo amaphunzira kulemba mapulogalamu a kompyuta. Phunziro la sabata ino linali kutenga mawu, amene aphunzitsi amawatcha string, n'kuwatonola chilembo chimodzichimodzi.

Anayamba ndi dzina la kwanuko. Mu Python munthu amangolemba list("Linda"), basi njere zisanu zagwa m'lichero: L, i, n, d, a. Chala osatupa, msana osawawa. A JavaScript amati "Linda".split(""), a Java ali ndi toCharArray(), a PHP ali ndi str_split. Khomo lililonse ndi katonoledwe kake, monga inu mumatonola ndi chala pamene anansi amathira m'thumba n'kumapuntha ndi mtengo. Koma kuno katonoledwe sabwerekana: ukapereka split("") kwa Python, amakana pomwepo kuti empty separator.

Mnzake wokhala naye benchi imodzi, wa ku Mzimba, anayesa dzina la dziko lake ndi w wovala kachipewa, Malaŵi. Zilembo ndi 6, koma str_split inatulutsa zidutswa 7. Kompyuta imasunga ŵ m'mabayiti awiri mu UTF-8, ndipo str_split imawerenga mabayiti, osati zilembo. Njere inaphwanyika pakati. Amayi, kumeneko ndi kusinja, si kutonola! Mankhwala ake ndi mb_str_split, yomwe inabwera ndi PHP 7.4 mu 2019.

Mwana wanu anamuseka mnzakeyo mpaka misozi, kenako anaikamo mbendera ya Zambia, kachithunzi kaja mumatumiza pa WhatsApp Chipolopolo ikapambana. Mu JavaScript, split("") inaiphwanya zidutswa 4 zosadziwika mutu wake. Array.from inatulutsa ziwiri, Z ndi M, pakuti kwa kompyuta mbendera ndi zilembo ziwiri zapadera zogundizana. Nkhwazi ya pa mbendera ija sinaoneke n'komwe, ngakhale nthenga imodzi m'madeya. Amene anaisiya yathunthu ndi Intl.Segmenter yekha, mtonoli waulemu ngati inu. Wa ku Mzimba uja ndiye anaseka kawiri.

Kenako aphunzitsi anati aliyense atonole nambala ya chitupa chake. Chitupa cha South Africa chili ndi manambala 13. Oyamba 6 ndi tsiku lobadwa, otsatira 4 amasonyeza ngati mwini wake ndi mwamuna kapena mkazi, ndipo ya 11 ikakhala 0 ndiye kuti ndi nzika, ikakhala 1 ndi mlendo wololedwa kukhazikika m'dzikoli. Anzake anatulutsa makadi awo. Mwana wanu alibe 0, alibenso 1. M'thumba mwake munali chitupa cha ku Zambia, NRC yobiriwira ija, ndi pasipoti yomwe masiku ake ayamba kutha. Mafomu ambiri ofunsira ntchito pa intaneti amayamba afuna manambala 13 amenewo asanafunse zimene munthu amadziwa.

N'chifukwa chake ndalama ya malata ichedwa. Lendi ya chipinda yakwera, ndipo ayenera kusungako ya basi, mwina n'kufunika kubwera mwadzidzidzi kudzera pa mlatho wa Kazungula. Chonde musapite kwa akatapila. Mvula ya Novembala isanagwe atumiza ndithu, ngakhale theka. Pakadali pano mumuuze mlongo wake aphimbe ndi pulasitiki pamene pamadontha pamwamba pa bedi lanu, ndipo mankhwala anu a BP akatsala pang'ono amutumizire uthenga msanga, osadikira kuti atheretu.

Mwana wanu,
wa ku Joni