Wogwira Chitenje pa Sukulu ya Pakhonde

Kale ndinali ndi pakamwa pa nkhani ya aphunzitsi. Tikakhala pa bawo kuseri kwa msika ndinkanena mosaopa kuti palibe ntchito yofewa ngati yawo: kuweruka dzuwa likadali pamutu, tchuthi katatu pa chaka, choko cha boma. Mwambi uja wakuti chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe ndinkaudziwa bwino, kungoti ndinkauyesa wa anthu ena.

Mawa lakelo linafika pa 23 Marichi 2020, tsiku limene sukulu zonse m'dziko muno zinatsekedwa chifukwa cha Covid-19. Ana awiri amene tinali nawo nthawi imeneyo anadzuka, kumwa phala, n'kukhala pansi kumatiyang'ana. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Pofika lachinayi thumba la ufa linali litagwada, ndipo mayi a kunyumba anandiitana ndi mawu aja ofatsa amene mwamuna aliyense wanzeru amawaopa.

"Bambo a ana, chitseko cha kabati chija chinaguluka chaka chatha, paja munati mukonza liti?"

"Loweruka, mayi."

"Musavutike. Chapeza ntchito."

Anachipaka makala osinja osakaniza ndi masamba a mbatata, monga ankachitira aphunzitsi athu akumudzi bolodi likayererako, n'kuchikoleka pakhonde. Sukulu inatsegulidwa popanda nduna yodzadula riboni. Boma litatsegula zake, olemba mayeso pa 7 Sepitembala ndipo ena onse pa 12 Okutobala, ine ndinapuma ndi mtima wonse poganiza kuti yathu itsekedwa. Mpaka lero ilipo. Ana akuluakulu awiri amapita ku ya boma m'mawa, masana n'kugwera m'manja mwa mayi awo. Mzime wathu, amene anabadwa mu 2021 (masamu ake musandifunse, anatiuza kuti tizikhala pakhomo ndipo ife ndife anthu omvera malamulo), ndi wophunzira wa tsiku lonse, chifukwa titamva mtengo wa sukulu ya mkaka tinagwirizana kuti mkaka umenewo amwera konkuno.

Pogawana maudindo ndinkayembekezera upampando wa komiti. Mayi anatenga uhedi, uphunzitsi, usungichuma ndi komiti yomweyo. Ine anandiyesa kaye pa masamu.

Ndinaimirira pabolodi monyadira, choko kukhutu, n'kulemba 52 kuchotsa 17. Ndinafotokoza mmene anatiphunzitsira ife: 2 kuchotsa 7 sizitheka, ndiye timapita kwa 5 kukabwereka 1. Wachiwiri wathu, mtsikana amene anatengera maso a mayi ake pamodzi ndi mafunso awo, anakweza mkono.

"Adadi, tibweza liti?"

"Pa masamu sitibweza, mwanawe."

"Ngati ndalama za ku banki m'khonde zija?"

Ahedi anali pa mbaula akukazinga anyezi. Sanatembenuke, koma mapewa awo ankagwedezeka. Madzulo omwewo ndinasamutsidwa kupita ku nthambi yoona za zipangizo.

Kumenekonso ndinalimbikira mopitirira muyeso. Ahedi analamula kuti aliyense azibweretsa zitsekerero za mabotolo zowerengera, ndipo ine, pofuna kuonetsa kuti maphunziro a ana anga ndimawaika patsogolo, sindinkalowa m'nyumba madzulo thumba la buluku lisakulira. Zinadzaza chitini. Tsiku lina kunabwera amayi atatu a Mvano kudzacheza, atavala zoyera zawo, ndipo ahedi anaona kuti mwayi woonetsa alendo nzeru za ana ndi umenewu. Phunziro lake linali kugawa zinthu m'magulu potengera mtundu. Chisamba wathu anakhuthula chitini pamphasa n'kuyamba. Fanta zinapezeka 6. Coca-Cola 4. Kenaka mulu wobiriwira unayamba kukwera, mwana akuwerenga mokweza, mosalakwitsa ngakhale pamodzi, mpaka 63.

"Izi zonse anabweretsa adadi okha," anatero monyadira.

Ndinayesa kukhotetsa nkhani kuti ikhale phunziro la mbiri. Ndinauza alendo kuti fakitale ya Carlsberg ya mu Blantyre inatsegulidwa mu 1968 ndipo inali yoyamba kumangidwa kunja kwa Denmark, chinthu chimene mwana aliyense wa dziko lino ayenera kudziwa. Ndinawonjeza kuti zitsekererozo ndimachita kutola. Mayi wamkulu pa atatuwo anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Mumatola malo amodzimodzi, bambo?"

Anapemphera asanatsanzike. Pempherolo linali lalitali, ndipo dzina langa linamveka katatu.

Koma mlandu umene ana adzaufotokozere zidzukulu zanga ndi wa mapu. Ahedi anapeza katoni yaikulu ku golosale, anajambulapo Malawi yense ndi maboma ake 28, n'kulengeza kuti dera lililonse limatidwa chimene limalima. Guluu wake anali phala la ufa wa chinangwa, lomwe limagwira kuposa wa m'sitolo ndipo silifuna ndalama. Ku Karonga anamata mpunga wa Kilombero. Ku Kasungu kachidutswa ka fodya kopempha kwa agogo ena oyandikana nafe. Ku Dedza nyemba, ku Thyolo masamba a tiyi, ku Dwangwa ndi ku Nchalo shuga. Phiri la Mulanje analiumba ndi dongo, pansonga n'kuzikapo kambendera kolembedwa Sapitwa, 3,002. Likoma ndi Chizumulu inali timiyala tiwiri. M'nyanja anayalamo usipa weniweni, wouma, mitu yonse kuloza kumpoto. Ku Mchinji, monga mukudziwa, kumalimidwa mtedza, ndipo pofuna kuti usamere anaukazinga kaye. Anathiramo ndi kamchere. Mpaka lero sindimvetsa kuti mcherewo unali wa phunziro liti.

Ntchitoyi inatenga milungu iwiri. Inatha madzulo ena dzuwa litalowa, ndipo ahedi anati kujambula ndi mawa m'mamawa kuwala kukakhala bwino. Anaiyanika patebulo la pabalaza.

Usiku umenewo magetsi anazima. Ine ndinafika mochedwerapo kuchokera kotola zitsekerero, njala itandigwira pakhosi, foni itathima. Ndinapapasa patebulo kufuna mbale yovindikira. Dzanja linagwera pa mtedza. Unali wolimba pang'ono kuchotsa, koma ndinangoti mwina wagwirana ndi chinyezi. Ndinadya Mchinji yense kuyambira kumalire a Zambia, ndipo ndikukhulupirira kuti ndinalowako pang'ono m'boma la Lilongwe.

Kutacha kunali maliro. Mphaka anali atamaliza nsomba zonse za m'nyanja usiku umodzi, chinthu chimene asodzi a ku Mangochi ndi makoka awo onse sanachikwanitsebe. Nyerere zinali pa mzere kusamutsa Nchalo kupita kuseri kwa kabati. Bwalo linakhala pakhonde. Mphaka ndi nyerere anazimasula chifukwa zilibe nzeru. Ine ndinakana mlandu mwaulemu, mpaka mzime anakwera pamwendo panga n'kundichotsa kachidutswa ka katoni m'ndevu. Panali polembedwa "nji".

Chigamulo chinali chakuti ndigule kapu ya mtedza ndi ndalama zanga, ndimate ndekha umodziumodzi, mtsikana uja akuyang'anira. Anandibweza kawiri chifukwa mtedza wina unalowa mu Mozambique.

Apa ndi pamene anandipezera udindo umene ndili nawo mpaka pano. Muyenera kudziwa kuti pa sukulu yathu chinthu sichinachitike ngati sichinajambulidwe. Mwana akalemba a e i o u, chithunzi. Akaumba ng'ombe, chithunzi cha kutsogolo, cha m'mbali, ndi china ng'ombe itayang'ana kutali ngati ikuganiza za moyo wake. Ahedi anaphunzira pa YouTube kuti dzuwa la masana limaika mithunzi m'maso, choncho kwathu timajambula m'mamawa kapena dzuwa likapendeka, ndipo nsima imadikira. Anaphunziranso kuti chimene chili kumbuyo kwa mwana n'chofunika ngati mwanayo. Tsono kumbuyo kwa ana athu kuli khoma la njerwa losapaka pulasitala, limene ndinalonjeza kumaliza Loweruka lina lake, ndowa yobooka, ndi thandala la mbale za dzulo.

Mankhwala ake ndi chitenje. Pali china cha maluwa achikasu chimene sachivalanso, ntchito yake ndi yomweyi. Ine ndimaima kumbuyo kwa ana, manja m'mwamba ngati wogwidwa ndi apolisi, n'kuchitambasula kuti chibise khoma, ndowa, mbale, ndi ine ndemwe.

"Kwezani kumanja. Ayi, kumanja kwanu. Zala zikuoneka. Bambo a ana, mimba ikutukula nsalu, pumirani m'kati."

Ndimapumira m'kati. Mzime amayang'ana nkhuku. Timayambiranso. Tsiku lina anandiwonjezera chivindikiro cha poto kuti ndizibwezera kuwala kumaso kwa mwana, chitenje nditaluma ndi mano mbali imodzi. Ndinamuthobwa mwanayo m'maso ndipo analira mpaka kuwala kunatha.

Ndikaima kuseri kumeneko ndimakumbuka wojambula wa kwathu. Ankabwera pa njinga Lamlungu anthu akutuluka m'tchalitchi, kamera ili pakhosi. Filimu yake inali ya zithunzi 36, ndipo sankapita kutauni kukatsukitsa isanathe, choncho umatha kudikira mwezi. Ubwana wanga wonse uli pa chithunzi chimodzi. Ndavala nsapato za msuweni wanga, ndagwira galimoto ya munthu amene sitinkamudziwa, ndipo ndatsinzina. Bambo anga analipira ndithu, n'kuchikoleka pabalaza zaka makumi awiri. Mzime wanga asanakwanitse zaka zinayi anali ndi zithunzi zambiri moti foni ya mayi ake inadzaza, nkhondo n'kusamukira mu yanga. Zithunzi zanga zonse za pa Kamuzu Stadium, Bullets ikusewera ndi Wanderers, zinafufutidwa kuti papezeke malo a ng'ombe yadongo.

Chodabwitsa n'chakuti zithunzizo zimatuluka zokongola zedi. Ndikaziona pa WhatsApp ndimasirira banja limenelo. Ana oyera, odekha, akumwetulira pakati pa maluwa achikasu, ngati sanamenyanirane lumo mphindi ziwiri zapitazo. Ndimafuna nditakawachezera anthu amenewo tsiku lina. Mlamu wanga wa ku Johannesburg, amene ankatikumbukirako mwezi ukatha, anaziona n'kulemba kuti koma ndiye zinthu zikukuyenderani. Kuyambira pamenepo amangotumiza timitima. Ndinapempha ahedi kuti kamodzi kokha tijambule ndowa yobooka ija payokha, kuwala kuli bwino, timutumizire. Pempholo likadali ku komiti.

Mwezi wathawu kunabwera woyendera sukulu, apongozi anga ochokera ku Ntcheu. Anayang'ana maluwa a mapepala, anayang'ana nyumba ya timitengo ta machesi, anagwira kamphika kamene ana anaumba n'kukatembenuza.

"Kameneka mungaphikemo chiyani?"

M'mawa mwake anatenga adzukulu onse atatu kupita kudambo. Anabwerako matope mpaka m'makutu, atasenza dongo lenileni. Agogo anawaonetsa kulikanda, kuchotsa timiyala, kukweza mphika ndi timizere tadongo, kusalaza ndi chitsononkho, ndi kuuyanika pamthunzi kuti usang'aluke. Ana amene pabolodi satha kukhala mphindi khumi anakhala chete mpaka masana. Ahedi anaima pambali foni ili m'manja, ndipo ndinaona kuti kwa kanthawi anaiwala kuti aigwira.

Atakumbuka, agogo anakaniratu. Anati iwo aumba miphika moyo wawo wonse popanda wowajambula ndipo palibe mphika unadandaula. Kenaka analowa m'nyumba. Tinadikira pafupifupi ola lathunthu. Anatuluka atavala chitenje chatsopano, duku lake lofanana, ndi nsapato za ku ukwati, n'kukhala pampando mphika uli pamiyendo, nkhope ili gwa ngati ya pa chiphaso. Ine ndinatambasula maluwa achikasu kumbuyo kwawo. Mwambo umati mkamwini asamayang'anizane ndi apongozi, ndipo aka kanali koyamba kuti mwambo ndi ntchito yanga zigwirizane. Ndinamva akuuza mwana wawo chapansipansi kuti bambo a kuno ulemu ndiye ali nawo.

Lachisanu lapitali phunziro la mzime linali kujambula banja lathu ndi makrayoni. Anagwira ntchito lilime lili panja. Atamaliza anabwera nacho kwa ine poyamba, ndipo mtima wanga unasungunuka. Panali amayi, aatali kuposa nyumba, foni ili m'manja. Panali achimwene ake ndi achemwali ake. Panali agogo ndi mphika. Panali mphaka, wonenepa bwino. Kumbuyo kwa onsewa kunali chinthu chachikulu cha ngodya zinayi, chamadontho achikasu.

"Nanga ine ndili pati, mwanangu?"

Anandiyang'ana ngati ndafunsa za 2 kuchotsa 7. Analoza pamwamba pa chinthucho, pomwe panali timizere tinayi kumanzere ndi tinayi kumanja, kenaka pansi pake, pomwe panatulukira mapazi awiri ovala patapata.

Ahedi anachikonda kwambiri chithunzicho. Anati mwanayo aimirire pakhonde achigwire pachifuwa, dzuwa lisanapendeke kwambiri, ndipo anandiitana kuti ndibwere ndi nsalu.