Kodi akufuna munthu wotani?

Yunivesite ikafuna mphunzitsi wa jogalafe woti azichita kafukufuku wa kusintha kwa nyengo, imalengeza kuti akhale ndi digiri ya PhD, komanso akhale atasindikizako zolemba m'magazini a akatswiri. Ine pamenepa mafunso amandichulukira. Kodi olemba ntchitowo amakhala pansi n'kumva zomwe zili m'zolembazo, kapena amangoona kuti zilipo zingati?

Nanga bwanji ntchitoyi imapita kwa a jogalafe, pomwe a zanyengo alipo kale? Mwina yankho lili pa phiri la Soche. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagwetsa chimvula m'maboma ambiri a kummwera, koma ku Chilobwe kunatsika matope ndi miyala kuchokera paphirili n'kukwirira nyumba, anthu ali momwemo. Wa zanyengo angatiuze kuti mvula inagwa yochuluka bwanji. Koma woti atiuze chomwe chinakankhira anthu kukamanga pamtsetse, komwe mitengo inapita, ndi njira yomwe madzi adzadzere ulendo wina, ndiyesa ndi wa jogalafe? Ngati zili choncho, kodi pomufunsa mafunso a ntchito amamufunsako ngati anapondako malo otero?

Nyanja ya Chilwa ili pafupi ndi Zomba, kumene Yunivesite ya Malawi imaphunzitsa jogalafe. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anangoti mbwee pamatope ong'aluka. Asodzi achikulire a padoko la Kachulu amakumbukira momwe matemba ankasowera madzi asanathe, ndi komwe mabanja ankalowera kukasaka chakudya. Zimenezi si umboni kodi? Wolembedwayo adzatha kucheza nawo m'chilankhulo chawo? Akamaliza kulemba lipoti lake m'Chingerezi, adzabwerera kudoko kukawauza zomwe wapeza? Izi zimandikhudza kwambiri, chifukwa amene nyanja imawaphwera ndi iwowo.

Chomwe chimandizunguza mutu kuposa zonse ndi nthawi. Akatswiri amati kuti udziwe nyengo ya dera uyenera kuona zaka 30. Koma ndalama za kafukufuku nthawi zambiri zimachokera kunja, ndipo zimakhala za zaka zochepa chabe. Mphunzitsiyo akangoyamba ntchito amapeza kalasi yodzaza ndi mulu wa mayeso oti achonge. Ndiye kunyanja adzapita liti? Ndipo ndani adzamulipirire mafuta a galimoto chaka ndi chaka, kuti aziyeza madzi pamalo omwewo mpaka zaka 30 zikwane?