Kaundula wa ndalama za ulendo wobwerera ku Chimbiya, 2023

September, zotuluka ndisanachoke ku Galway.

Tikiti ya ndege: sindinalipire. Inalipiridwa ndi boma la Ireland kudzera mu Ireland Fellows Programme, monganso fizi ya ku University of Galway ndi ndalama ya chakudya ya chaka chonse. Pangano lake ndi lakuti ukamaliza ubwerere kukagwira ntchito kwanu. Ndinasaina ndikudziwa, ndipo lero ndikhoza kusainanso.

Masutikesi awiri, lililonse makilo 23. Opyola: makilo 4. Zochotsa: mabuku awiri a za nthaka, ketulo, nsapato za mvula.

Chijasi chaubweya: chaulere. Anandipatsa ndi mayi achikulire amene ndinkakhala m'nyumba mwawo, atandipeza pakhomo ndikunjenjemera mwezi wachiwiri. Ndinawauza kuti kwathu ku Dedza nakonso mu June madzi a mumtsuko amaluma zala, koma sanandimvere, anangondiveka. Chijasichi sindinachotse. Ndinakwera nacho ndege nditachivala.

Maluwa a mayiwo: mayuro 12. Anakana kutsanzikana pakhomo. Anandiperekeza mpaka pa depoti, pafupi ndi Eyre Square, atagwira chogwirira cha sutikesi imodzi ngakhale sankatha kuikoka.

Basi ya ku bwalo la ndege la Dublin: mayuro 20. Ndinalira mpaka kupitirira Athlone. Kenako ndinatsegula chithunzi cha mwana wanga, mtima unayamba kuthamangira kutsogolo.

Zotuluka tsiku lofika.

Takisi kuchokera ku bwalo la ndege la Kamuzu kufika ku depoti ya Lilongwe: K25,000. Minibasi ya ku Dedza, ine ndi achimwene, kutsika pa Chimbiya: K10,000. Masutikesi: K4,000. Njinga zamoto ziwiri kuchoka pa M1 kukafika pakhomo: K5,000.

Kanyenya pamsewu: K2,500. Ndinadya choimirira, mchere ndi tsabola zili papepala, utsi ukundilowa m'maso. Chaka chonse fungo limeneli linkandibwerera usiku. Nditameza nthuli yomaliza ndinafuna kuuza mnzanga wa mkalasi wa ku Ethiopia, amene tinkaphika naye Lamlungu lililonse. Iye anali atakwera kale ndege yake.

Mphatso za a "mwatitengera chiyani": sopo, chokoleti, zitenje zisanu zogula ku Lilongwe: K62,000. Foni ya amalume: yalonjezedwa, sinagulidwe.

October, ngongole za chaka chimene kunalibe ine.

Izi sindinazipeze m'buku, ndazitola pang'onopang'ono m'kamwa mwa anthu.

Mbuzi ziwiri za amayi, zogulitsidwa mu December kuti alipire aganyu pa mizere ya kachewere imene ndikanalima ine: K90,000. Ndazindikira chifukwa khola lachepa phokoso.

Ulendo wa usiku wa kuchipatala mu January, mwana atatsegula m'mimba pa nthawi imene kolera inali itavuta dziko lonse: K18,000. Sinali kolera. Amayi anagona pabenchi masiku awiri. Sabata imeneyo ndinaimba foni katatu ndipo katatu konse anati, "Tili bwinobwino, iwe werenga." Nditawafunsa chifukwa chake anandibisira, anayankha akupeta chimanga, osadzutsa mutu: "Ukanatani uli kutsidya kwa nyanja? Ukanangolephera mayeso, mbuzi n'kupita pachabe."

Mabandulo a intaneti oimbira pa WhatsApp, miyezi 12, olipira achimwene: akana kunena.

Mwana, zaka zitatu ndi theka. Anandilola kumunyamula tsiku lachiwiri. Tsiku lachinayi madzulo anatenga foni ya agogo ake, nakhala pamwendo panga, n'kumaigogoda ndi chala. Ankafuna amayi ake a mufoni, amene amaimba nyimbo dzuwa likalowa. Ndinatuluka, ndinakaima kuseri kwa nkhokwe, ndinamuimbira. Anaseka. Bandulo: K1,000. Tachita zimenezi masiku asanu ndi anayi. Tsopano amandiuza kuti ndiimbe pomwepo.

Zokonzekera dzinja.

Mbewu ya kachewere, ndowa zinayi: K48,000. Mankhwala a chiwawu: K22,000. Apa sindinanenerere mtengo. Ku Galway, m'mbali mwa nyanja popita ku Salthill, kuli paki yotchedwa dzina la Celia Griffin, mwana wa zaka 6 amene anafa ndi njala mu 1847. Njalayo inabwera ndi chiwawu chomwechi, chimene chinayamba kuwononga mbatata ya ku Ireland mu 1845. Ndinkadutsa pamenepo pafupifupi Loweruka lililonse, ndikuganiza za masamba akuda a m'munda mwa amayi mvula ikachuluka. Anthu a kumeneko sanaiwale njala yawo, ndipo n'chifukwa china chimene ndinawakondera. Pano ndikaima m'munda ndimaganiza za pakiyo.

Zolowa.

Digiri imodzi. Pepala lake lidzabwera m'mbuyo.

Mayuro 900 osunga podya mpunga ndi nyemba. Mu November kwacha inagwa ndi 44 peresenti, ndalamayi inakula m'thumba mwanga ndili mtulo. Ndinakondwa m'mawa umenewo, sindibisa. Sabata isanathe amayi anabwera kuchokera ku msika atagwira botolo la mafuta ophikira laling'ono kuposa la nthawi zonse, ndipo feteleza wa kusitolo anali atakwera. Mayuro 300 apita ku feteleza. Mayuro 100 ku mbuzi imodzi yaikazi.

Makalata ofunsira ntchito: asanu ndi awiri. Kusindikiza ndi mayendedwe: K31,000. Mayankho: limodzi, lakuti alandira.

Chijasi: chasamukira kwa amayi. Amachivala mbandakucha popita ku dimba, manja ake atapinda kawiri.

Zotsala kulipira pofika pa 30 November.

Mbuzi yachiwiri. Foni ya amalume. Mabandulo a achimwene, akadzatchula mtengo. Kalata ya kwa mayi a ku Galway, yolembedwa kale, muli chithunzi cha amayi atavala chijasi pakati pa mizere. Sitampu ndikagula Lachinayi ku Dedza boma: minibasi kupita ndi kubwera, K4,000.