Momwe Ndinalepherera Kukhala Wachikunja

Mpingo umene ndinakuliramo sindiutchula dzina, chifukwa amayi anga akadali momwemo ndipo anthu ake sanandilakwire chilichonse. Ndingonena kuti unali mpingo wa malamulo. Nkhumba ayi, mlamba ayi poti ulibe mamba, mpira ayi, nyimbo zapawailesi ayi, ndolo ndi thalauza kwa amayi ndiye musanene n'komwe, ndipo m'dziko lonse lino, kuchokera ku Chitipa mpaka ku Nsanje, ife tokha, kagulu kosadzaza ngakhale kalasi imodzi ya pulayimale, ndi amene tinali pamzere wolowera kumwamba. Ine sindinali membala wokhala mpando wakumbuyo. Ndinali mtsogoleri wa achinyamata, wa tayi ndi chikwama chakuda, ndipo za moto wosazima ndinkazilalikira mwaluso moti ana ankalira.

Chinandisuntha si buku kapena yunivesite. Anali mayi wina wachisilamu woyandikana nafe nyumba ku Ndirande, amene ankatibweretsera ufa ndi ndiwo bambo anga atamwalira, osanena mawu ambiri. Tsiku limene mayiyo anatisiya, ndinayesa kumuika m'moto uja wa mu ulaliki wanga, koma anakana kukwanamo. Ndinayamba kujomba mapemphero, kenako ndinangosiyiratu. Apa munthu wanzeru akanakhala pansi, n'kutseka pakamwa, n'kuganiza. Koma ine ndinali nditazolowera kukhala ndi yankho la funso lililonse, ndiye ndinatuluka ndi confidence yomweyo imene ndinkakwera nayo paguwa, kungoti tsopano ndinalibe uthenga.

Ndinaganiza zoyambira m'mimba. Madzulo ena ndinapita pachiwaya, ndinayang'ana uku ndi uku kuopa abale a mumpingo, kenako ndinanena mokweza kuti, “Achimwene, ya nkhumba, yamafuta kwambiriyo,” poganiza kuti ufulu amauyeza ndi mafuta. Ndinathira kambuzi supuni yodzaza pamene anzanga odziwa ankangodontheza pang'ono, ndinatsitsira botolo loyamba la mowa m'moyo wanga limene ndinalimeza nditatsinzina chifukwa cha kuwawa, n'kubwerera kunyumba monyang'wa, ndikudziuza kuti poti mphezi sinagwe, ndiye kuti zonse zija zinali nthano. Mphezi inagwa pakati pa usiku, kuchokera mkati. Chimbudzi cha palendi pathu chinali chimodzi cha mabanja onse, chitseko chake chotsekera waya, ndipo m'menemo ndi mmene ndinachezera, thukuta lili kamukamu, chaputala 11 cha Levitiko chikundilira m'mutu vesi ndi vesi, ine ndikulapa mokweza tchimo la nkhumba, la mowa, ndi ena akalekale amene palibe anandifunsa, mpaka mwana wa alandilodi anagogoda n'kufunsa mwaulemu ngati mapempherowo atenga nthawi yaitali.

M'mawa kuchipatala adokotala anamvetsera nkhani yanga yonse ya chiweruzo, n'kundiuza kuti m'mimba mosazolowera mafuta ndi tsabola wochuluka choncho mumatero, ndikamwe thanzi ndi madzi ambiri. Ndinakhumudwa. Ndinkaganiza kuti kumwamba aimitsa ntchito zonse kuti athane ndi ine.

Nditachira ndinaona kuti vuto langa ndi mantha, ndipo mankhwala a mantha ndi sayansi. Ndinapeza buku la Richard Dawkins la 2006, The God Delusion, n'kumaliwerenga pafoni dikishonale ili pambali. Theka lake sindinalimve, poti biology yanga inathera Fomu 2, koma zimenezo sizinandiletse kulengeza kuti ndine atheist. Kalembera wa 2018 anapeza kuti anthu opanda chipembedzo m'Malawi ndi 2.1 peresenti yokha, ndipo nambala imeneyi inandikomera kwambiri: ndinali nditapezanso kagulu kochepa kodziwa choonadi pamene ena onse atayika. Gawo 33 la Malamulo a dziko lino, lonena za ufulu wa chikumbumtima, chipembedzo ndi maganizo, linasanduka memory verse yanga yatsopano. Ndinkasirira George Thindwa, mkulu uja ankauza afiti poyera kuti amulodze ngati angathe, ngakhale kuti ine kadzidzi akalira padenga ndinkafundabe bulangete mpaka kumutu. Mbuzi yozolowera chingwe ukaimasula imazungulirabe chikhomo chomwecho: posakhalitsa ndinayambanso kulalikira.

Msonkhano wanga woyamba unachitikira m'basi yochokera ku Blantyre kupita ku Lilongwe. Titadutsa Zalewa, bambo wina wachikulire anaimirira, Buku Lopatulika lake lakutha m'mphepete lili m'manja, n'kupempha kuti agawane nafe mawu pang'ono. Ine ndinakweza dzanja. “Abusa, Kaini anakwatira ndani?” Anandiyang'ana mwachifundo n'kundikumbutsa kuti Genesis 5 imasonyeza kuti Adamu anali ndi ana ena, aakazi omwe, yankho limene ine mwini ndinkatsekera nalo pakamwa anthu okayika zaka zonse zija koma tsiku limenelo linandithawa chifukwa cha phuma. Basi yonse inaseka. M'malo mokhala chete ndinasintha giya n'kulengeza kuti sayansi inatsimikiza kale kuti tinachokera kwa anyani, ndipo apa mtsikana wina wa yunifolomu ya sekondale, amene ndinkamuyesa wa mbali yanga, anachotsa ma earphone n'kunena kuti, “Ankolo, pepani, sizili choncho,” n'kuyamba kufotokoza pang'onopang'ono kuti sayansi imati anthu ndi anyani ali ndi kholo limodzi lakalekale, osati kuti wina anabereka mnzake, ndipo kuti ndikafuna kumvetsa ndikaone myuziyamu ya ku Karonga, boma limene mu 1991 akatswiri anafukulako, pamalo otchedwa Uraha, nsagwada ya munthu wamakedzana ya zaka zoposa 2 miliyoni. Choncho pofika pa Ntcheu ndinali nditagonja kwa Baibulo ndi kwa sayansi, pampando umodzi.

Cha ku Lizulu kunali nkhungu. Ng'ombe inadumphira mumsewu, dalaivala anaponda buleki, basi inapendekeka, zikwama zinagwera anthu pamutu, ndipo pakati pa anthu onse aja, amayi ovala yunifolomu za mpingo, abusa aja, ana, munthu mmodzi yekha ndi amene anakuwa dzina la Yesu mpaka mawu kusasa, n'kuwonjezerapo lonjezo la chakhumi. Basi itakhazikika munali zii. Abusa aja sananene kanthu, anangondipatsira nthochi. Ndinatsikira pa Dedza ngakhale tikiti yanga inali ya ku Lilongwe.

Chabwino, ndinatero mumtima, mwina Mulungu alipo, kungoti ndinkamufunira pa adiresi yolakwika. Ndinayamba kuyendera matchalitchi. Kwa Akatolika ndinkatsalira pa chilichonse: anzanga akagwada ine ndaima, akaima ine ndikugwada, chizindikiro cha mtanda ndinachiyambira paphewa, ndipo itakwana nthawi yopatsana mtendere ndinagwira dzanja la bambo woyandikana nane n'kuyamba kuwafunsa za kunyumba, za ana ndi za mvula, iwo akuyesetsa kulanditsa dzanja lawo. Koma chipsera chenicheni ndinachitenga ku chitsitsimutso cha Apentekoste. Tinandandalika kutsogolo, mtumiki akusanjika manja, aliyense akugwa chagada m'manja mwa ma usher. Atafika pa ine ndinalimbitsa miyendo, poti ndinali nditawerenga kuti zonsezi ndi psychology. Anapemphera, ine chilili, anapempheranso, ine chilili, kenako anapitirira kwa wina, ma usher n'kumutsatira. Apo mpamene ndinaona kuti mumzere wonse woimirira ndatsala ndekha, maso a holo yonse ali pa ine, ena akunong'onezana kuti chiwanda chake n'chachikulu, ndipo manyazi atandigwira ndinaganiza zongogwa mwaulemu kuti nkhani ithe, osacheuka kuona chimene chili kumbuyo. Kumbuyoko kunali benchi. Anthu anaomba m'manja kuti chatuluka, ine m'maso muli bii, ndipo chotupa cha pankhongo ndinapita nacho kuntchito n'kunamizira chitseko cha minibasi.

Mnzanga wa ku ofesi, pondimvera chisoni, anandiuza za Blaise Pascal, katswiri wa masamu wa ku France wa m'zaka za m'ma 1600, amene anati kukhulupirira ndi kubetcha kwanzeru: Mulungu akakhalapo wapata zonse, akapanda kukhalapo sunataye zambiri. Ndinaona kuti apa ndiye ndafika, masamu sanama. Koma nditatenga pepala funso linabwera lakuti ndibetche pa mpingo uti, poti wathu uja unkati ena onse atayika, ndipo si wokhawo umene umatero. Nzeru imene ndinapeza inali yogawa chopereka m'matchalitchi angapo kuti pena pake ndiwine. Salary inatha mwezi usanafike pakati.

Zochokera kunja zitandikanika ndinatembenukira kwa makolo. Ndinapita ku Mua, ku Kungoni, malo a zachikhalidwe amene anayambitsa Bambo Claude Boucher mu 1976, ndinawerenganso za Chisumphi, za Makewana wa ku Msinja ndi za Mbona wa ku Khulubvi, n'kumadzimva kuti tsopano ndagwira muzu. Kumudzi kwa bambo anga ndinadzuka m'mbandakucha, ndinatapa ufa m'dengu la agogo, n'kukagwada patsinde pa mtengo wa msolo kuseri kwa dambo. Nditatsegula pakamwa kuti nditchule mizimu ya kwathu, ndinazindikira kuti mayina amene ndikuwadziwa akuthera pa agogo aamuna, pomwe mibadwo ya Abrahamu ndikhoza kuilakatula ndili m'tulo. Ndili mkati moganiza zongonena kuti “nonse amene mukundimva,” linthumbu limene ndinaligwadira linafika kumene linkapita, ndipo agogo aakazi, mayi wa Mvano wa zaka zambiri, anandipeza ndikudumphadumpha, thalauza lili m'manja, ufa uli mbwee. “Amuna anga,” anatero ataseka mpaka kukhala pansi, “nsembe sathira munthu yekha mobisala, imafuna abale ndi akuluakulu odziwa. Ndipo ufawo mubweze.”

Chimene chimandivuta kufotokozera anzanga a mbali zonse ziwiri n'chakuti pambuyo pa zonsezi sindinafike pena paliponse. Moto uja sindiukhulupiriranso; mayi wa ku Ndirande anauzimitsa ndipo sunayakenso. Koma Mulungu sanachokere limodzi ndi motowo monga ndinkayembekezera. Masiku ena ndimadzuka ndili wotsimikiza kuti kumwambaku kuli mitambo basi, makamaka ndikakumbukira matope a namondwe Freddy amene anatsika m'phiri la Soche mu Malichi 2023 n'kukwirira anthu ku Chilobwe, opemphera ndi osapemphera omwe. Masiku ena ndimangozindikira ndathokoza kale nsima, ndisanakumbukire kuti ndili pa strike. Kale kukayika ndinkakuyesa matenda a anthu ofooka, ndipo pali achinyamata amene ndinawadzudzula nako pagulu, omwe lero ndikawaona mumsika ndimakhotera kogulitsa makala. Sindinkadziwa kuti munthu akhoza kukhala nako zaka, n'kumapita kuntchito, kulipira lendi, kuchapa malaya, osafa.

Amayi atagonekedwa m'chipatala ndi BP, anandigwira mkono n'kunena kuti, “Tapemphera iwe.” Zifukwa zokanira ndinali nazo zokwana buku, koma palibe ndi chimodzi chomwe chimene chikananeneka pambali pa bedi lija. Ine amene kale ndinkapemphera mpaka nsima kuzizira, ndinatulutsa tiziganizo tingapo totsimphina, kena kakuyamba ndi “ngati mukumva.” Amayi anati amen, n'kutsegula diso limodzi. “Zafupikatu masiku ano.”

Kwathu kuno kukayika kwa munthu si nkhani yake yekha. Pamaliro, paukwati, ngakhale pofuna nyumba ya lendi, anthu amafunsa kuti mumapemphera kuti, ndipo ukachedwa kuyankha amawonjezera lina, lakuti adzakuimbira ndani ukadzafa. Ine funsoli linandipeza tsiku limene malume anandiperekeza kukaonekera kuchikazi. Anali atandichenjeza m'njira monse kuti mkamwini salankhula, koma ankhoswe a mtsikana atafunsa kuti, “Nanga bambowa amapemphera kuti?” ndinakonza kukhosi, n'kuyamba ndi mawu oti funso limenelo lili ndi mbali zingapo, ndipo ndinali nditadutsa kale nkhani ya nkhumba ndikulowera kwa Dawkins pamene chidendene cha malume chinatera pa chala changa chaching'ono. “Amapemphera ndithu,” anatero malume nkhope ili gwa, “kungoti panopa ali pa transfer, kalata sinatuluke.”

Transfer imeneyo yandifikitsa ku kalasi ya mpingo wa bwenzi langa, kumene ndimakhala pabenchi limodzi ndi ana a Sitandade 7, mawondo atafika kuchibwano, iwo akunditcha ankolo n'kumandibwereka cholembera osabweza. Mafunso oloweza ndimakhoza onse. Koma akuti tsiku lolandiridwa abusa adzandifunsa pamaso pa mpingo wonse ngati ndikukhulupirira, ndiye ndinafunsa bwenzi langa ngati yankho loti “zimatengera tsiku” lingadutse. Anati ndiyesere, ndidzaona kuti ukwatinso umatengera tsiku.