Malangizo kwa Wamalonda Wofuna Kuweta Mthunzi

Popeza masiku ano aliyense amene ali ndi foni m'thumba ndi nsapato zingapo za pa kaunjika wasanduka wojambula, ndipo popeza ambiri mwa iwo, akayala nsalu yoyera ndi kuikapo katundu wawo kuti amuonetse pa WhatsApp kapena pa Facebook, amangotola mthunzi mwamwayi osadziwa kumene wachokera, ndayesa chinthu chokoma kuwalangiza mwaulemu njira zoupezera mwadala, kuti ukhale wakuda bii ndi wonenepa, woti wogula akauona afunse mtengo wa mthunziwo asanafunse wa nsapato.

Dziwani tsono, abale anga, kuti mthunzi wakuthwa umabadwa ku nyali yaing'ono. Kuwala kukachokera pa kadontho kamodzi, monga kababu kopanda chophimba kolendewera kudenga, kapena fulashi ija ya kumsana kwa foni, kumagwera katundu mbali imodzi yokha ndi kusiya kuseri kwake mdima wa malire olembeka bwino. Koma kukachokera pa chinthu chotambalala, kumafika ku mbali zambiri nthawi imodzi, mthunzi n'kufewa, n'kuzilala. Chifukwa chake musalekane ndi fulashi, pakuti walira mvula walira matope, ndipo matopewo ndiwo tikuwafuna. Dzuwa nalonso ndi bwenzi lanu, pakuti ngakhale lili lalikulu koposa dziko lino, lili kutali makilomita pafupifupi 150 miliyoni, kotero kuti kwa ife ndi kanyali kakang'ono kaukali. Tulukani nayo keke ya ukwati pabwalo mwezi wa Okutobala kumwamba kuli mbee, muime dzuwa lili kumsana kwanu, muweramire pa tebulo. Taonani, mutu wanu, makutu anu, zigongono zonse ziwiri ndi foni yomwe zidzagona pa kekeyo, ndipo mkwatibwi adzadziwa maonekedwe a woiphika asanakumane naye.

Adani a mthunzi ndi ambiri, ndipo chomvetsa chisoni n'chakuti onse ndi otsika mtengo. Mitambo ikaphimba dzuwa, thambo lonse limasanduka nyali imodzi yotambalala, choncho tsiku lotero khalani m'nyumba. Pewani khonde. Pewani koposa zenera lalikulu lotchingidwa ndi katani yoyera yopyapyala, chifukwa katundu woikidwa pambali pa zenera lotero amaoneka bwino mochititsa manyazi. Ndipo mwana wanu wa sukulu akabwera ndi pepala la manila, nanena kuti mukaliimika mbali inayo ya nsapato, moyang'anana ndi zenera, lidzabweza kuwala ndi kudzaza mdima wotsalawo, mumdzudzule kuti mapepala ndi olembapo. Pakuti mwanayo akunena zoona, ndipo ntchito yanu yonse ikhoza kuonongeka ndi pepala limodzi.

Kunena za nsalu yoyala, musaisite ndi pang'ono pomwe, pakuti khwinya lililonse limabala kamthunzi kakekake, ndipo nsalu yomwe yagona mu sutikesi chaka chathunthu ikhoza kukupatsani mithunzi makumimakumi kwaulere. Akatswiri amamata pepala lalitali kukhoma ndi kulisiya litsike mokhota kufikira pa tebulo osalipinda, kuti pasaoneke mzere pamene khoma lakumana ndi tebulo. Inu lipindeni ndi kulitsindika ndi chikhadabo. Iwo amasendeza katundu kutali ndi khoma, mwina mita imodzi, kuti mthunzi ugwere pansi usanafike kukhomako, ndipo ena amafika pomuika pa galasi lokwezedwa pa njerwa pamwamba pa pepala, kuti mthunziwo utsikire kutali ndi kusungunuka; koma inu mugunditse nsapato kukhoma kuti iyo ndi mthunzi wake zikhale thupi limodzi. Akatswiriwo amanenanso kuti mutu umodzi susenza denga, naunikira khoma ndi nyali yakeyake, podziwa kuti mtunda wochokera pa nyali ukawirikiza kawiri, kuwala kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi. Ngati mungatsanzireko pamenepa, onetsetsani kuti nyali zanu n'zosiyana mitundu, babu lachikasu kuno, kuwala kwa zenera uko, kuti mukolole mithunzi iwiri, wina wonka ku buluu, wina ku chikasu.

Pali chinsinsi china chimene kamera sakuuzani. Iye poyeza kuwala amayesa kuti chilichonse chomwe akuona, chikasakanizidwa, ndi chotuwa chapakatikati, chobweza magawo 18 okha pa 100 alionse a kuwala. Akaona nsalu yoyera ponseponse amaganiza kuti kwawala mopitirira, nachepetsa, ndipo nsalu yanu yochapidwa bwino imatuluka ya mtundu wa phulusa. Mankhwala ake ndi kukhudza pa sikirini ndi kukweza m'mwamba kachizindikiro ka dzuwa kamene kamaonekapo, kapena kuonjezera +1 ngakhale +2 pa kamera yaikulu. Chala chanu chisayandikire kumeneko. Nenani kuti foni yakalamba, mukakongole ku banki m'khonde, mugule ina ya maso atatu kumsana, imene indetu idzajambula phulusa lomwelo ndi mthunzi womwewo, koma momveka bwino koposa kale.

Otsala ndi iwo amene mtima wawo waumirira kuthetsa mthunzi, mwina chifukwa adamva kuti ku Amazon chithunzi choyamba cha katundu chiyenera kukhala pa choyera chenicheni, cha 255 pa kufiira, pa kubiriwira ndi pa buluu. Oterewa sindiwataya. Awalitse khoma mopanda chifundo kufikira m'mbali mwa mbale yoyera mutadyeka, mbale n'kusowa poyambira. Achotse ngakhale kamthunzi kakang'ono ka pansi pa nsapato, kamene kamauza diso kuti chinthu chaponda pansi, kuti nsapatoyo iziyandama m'malere. Kenaka apereke chithunzi kwa pulogalamu yodula zakumbuyo, imene mwa changu chake imameza zingwe za nsapato ndi chogwirira cha ketulo pamodzi ndi mthunzi. Wogula akafunsa kuti kodi ketuloyo aziigwira potani, mumuyankhe mofatsa kuti chogwirira chili ndi mtengo wakewake.