Kaundula wa ndalama: zithunzi zisanu zapakhoma, June mpaka July

Makatoni awiri olimba, pa sitolo ku Ulónguè: 20 Mt. Ndasankha a sopo. A mafuta ophikira salola guluu kugwira.

Zidule za kapulana kwa telala: 30 Mt. Zokutira m'mbali mwa katoni.

Nsungwi za felemu: 0 Mt. Abambo a kunyumba adula kudimba, ang'amba ndi kupala okha.

Misomali ing'onoing'ono: 15 Mt.

Guluu wamatabwa, botolo laling'ono: 120 Mt. Phala la ufa wa chinangwa limamata bwino ndipo n'laulere, koma mphemvu ndi makoswe zimalitsatira mpaka pakhoma. Mphatso yopita kunyumba ya eni sindingaimate ndi chakudya cha mphemvu.

Nyemba zofiira, zoyera ndi zamawangamawanga, mbale imodzi: 45 Mt. N'zakumunda kwathu, koma ndazilemba pa mtengo wa pamsika chifukwa zachoka pa ndiwo za ana. Ndazikazinga pang'ono pa chiwaya kuti mazira a anankafumbwe afe.

Mawere, chimanga chofiira, makoko ouma a nthochi: 0 Mt. Makoko ndi amene apanga phiri la Dómuè pa zithunzi ziwiri. Kunja kwake n'kodera, mkati n'kotuwa, ndiye khoko limodzi limapereka phiri ndi mtambo womwe.

Katondo, makala osinja ndi phulusa losefa: 0 Mt. Amayi ankakongoletsa nazo khonde akamaliza kuzira nyumba, ndipo mizere yokhotakhota ya m'mphepete ndatengera kwa iwo.

Vanishi, kachitini: 250 Mt. Apa ndi pamene ndalama yalowa kwambiri, ndipo ndinaima nthawi yaitali ndisanalipire. Popanda vanishi anankafumbwe amaboola nyemba mvula isanathe, katoni imayamwa chinyontho cha khoma la dothi n'kupindika. Ndapaka kutsogolo ndi kumbuyo komwe.

Kabulashi: 40 Mt.

Chapa, kupita ku Ulónguè ndi kubwerera: 100 Mt.

Mabatire a tochi: 30 Mt. Masana ndinali kukumba mbatatesi, choncho kuyala nyemba imodziimodzi kunali kwa usiku. Kuzizira kwa kuno kumapiri ndi nkhungu ya chiperoni zachedwetsa guluu kuuma; zithunzi zagona pafupi ndi moto, kutali pang'ono ndi utsi.

Zonse pamodzi: 650 Mt. Chithunzi chimodzi: 130 Mt.

Kumene zapita:

Phiri la Dómuè, loyamba: ukwati wa mwana wa achimwene. Akukakhala ku Tete, kotentha, kopanda phiri lathuli. Ndinafuna aziliona akadzuka.

Phiri lachiwiri: apongozi. Anati, "Mwapanga nokha ndi manja, mayi?" Alikoloweka pamwamba pa wailesi.

Chishango cha ngoma, cha nyemba zoyera ndi makala: amalume, tsidya la malire ku Dedza. Anyamula ndi mnzanga wopita kumsika wa Lizulu, sanalandire kanthu.

Nkhuku ndi anapiye, ya mawere: mwana wa neba wotuluka m'chikuta.

Chachisanu, maluwa a zidule za kapulana: pabalaza pathu, kubisa mng'alu wa pakhoma mpaka tidzamate.

Ndalama yolowa: 0 Mt. Palibe chagulitsidwa. Aphunzitsi ena afunsa mtengo wa chishango. Ndawauza 250 Mt, ayankha mwezi ukatha.

Zotsala: vanishi theka la chitini, wotseka bwino ndi pulasitiki, guluu pang'ono, kabulashi. Ngongole ya chapa kwa achemwali, 100 Mt, yobweza tikagulitsa mbatatesi.